Batani la pa Mbendera ya Aling Sidra

Aliyense wa ku Quiapo, mumzinda wa Manila, amene anagulapo mbendera kwa Aling Sidra ankaizindikira ndi batani. Kanali kabatani koyera ka malaya, kosokedwa pangodya ya mbali ya buluu, pafupi ndi chingwe. Ena ankati n'chizindikiro cha malonda, ena ankakadula poganiza kuti kanasokedwa mwangozi. Koma ntchito yake inali imodzi: wokweza mbendera, kaya ndi wosaona, kaya waledzera, kaya ndi mphunzitsi wothamangira belu, akakhudza batanilo adziwe kuti uku ndiye kumwamba. Paja mbendera yathu ili ndi nkhope ziwiri. Buluu akakhala pamwamba kuli mtendere, chofiira chikakwera ndiye kuti dziko lili pankhondo. Ife amene tinakakhalako kunja n'kuona mbendera za eni ake zitasindikizidwa pa matawulo ndi pa makabudula timabwera ndi kachizolowezi koseka zoterezi. Pamaso pa Aling Sidra munthu sankaseka kawiri.

Iwo anaionapo itazondoka. Mu Disembala wa 1941 amuna awo, Mang Teban, amene ankasesa ndi kukweza mbendera pasukulu ya pulayimale, anabwera kunyumba dzuwa lisanatenthe n'kukhala pampando osavula chipewa. Anati alamulidwa kuti chofiira chikhale pamwamba, ndipo aitembenuza ndi manja awoawo. Sabata isanathe anali atapita ndi asilikali. Anabwerako patatha zaka zoposa zitatu, ataonda ngati nsungwi, ali ndi chifuwa chimene chinawatenga mwana wachiwiri asanayambe sukulu. Aling Sidra sankanena kuti mbendera ndi imene inapha amuna awo. Ankangoti zinthu zinayambira pamenepo. Ndipo kuchokera tsiku limene anagula mashini, pakhomo pawo sipanatuluke mbendera yopanda batani.

Ankasokera m'kachipinda ka pansi pa nyumba yamatabwa kuseri kwa tchalitchi, pakati pa wogulitsa makandulo ndi wokonza mawotchi. Anali mayi wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, ndipo phazi lawo lamanja linali lolimba kuposa linzake chifukwa chopalasa mashini. M'kamwa simunkasowa mapini, moti makasitomala ambiri sankawadziwa mawu awo enieni. Nsalu ya mbendera sinkakhudza pansi ngakhale isanasokedwe. Tizidutswa totsala sankapukutira mbale ngati atelala ena. Ankatisunga m'chitini cha mabisiketi n'kutiwotcha kumapeto kwa chaka. Dzuwa lachikasu lija ankalidula ndi diso basi, popanda cholembera, koma malawi ake asanu ndi atatu ankatuluka ofanana ngati ayezedwa. M'mawa ankadya mabanzi awiri a pandesal oviika mu khofi, masana mpunga ndi nsomba youma, choimirira, akuingitsa ntchentche kuti zisatere pa nsalu yoyera.

Ana anali awiri. Wamkulu, Crisanto, amene msewu wonse unkamutcha Santoy, anakulira pafupi ndi mashini n'kudziwa kusoka mabatani asanadziwe kulemba dzina lake, koma atakula analowa usilikali, gulu la okonza misewu ndi milatho. Wamng'ono, Ligaya, sankatha ngakhale kulowetsa ulusi pa singano. Mutu wake unali m'mabuku, ndipo ndiye anali woyamba mumsewu umenewo kulowa yunivesite.

Mu Sepitembala wa 1966 Santoy anatumizidwa ku Vietnam. Akuluakulu ankanena pa wayilesi kuti anyamata sakukamenya nkhondo, akukangomanga misewu ndi kuthandiza madokotala kubaya anthu akumidzi jakisoni. Aling Sidra anawagwira mawu amenewo ndi manja awiri, ngati chitsulo chogwirira m'jipi yonyamula anthu ikadzaza. Tsiku lomwe mwana ananyamuka anatulutsa nsalu yabwino imene ankaisunga, n'kusoka mbendera yaikulu yoti idzakwezedwe pakhomo tsiku lobwera iye. Batani lake anachotsa pa malaya akale a sukulu a Santoy. Anaisita ndi nsimbi ya makala, anaipinda, n'kuiika pamwamba pa kabati.

Kalata yoyamba anawerenga Ligaya, mokweza, amayi akupalasa mashini. Munali nkhani za fumbi lofiira ndi za chakudya cha m'zitini. Koma yachiwiri inafika iye ali m'kalasi, ndipo Aling Sidra anaitsegula okha n'kuiwerenga pang'onopang'ono akulondoleza ndi chala. Santoy anati msewu akumangadi, koma m'mawa uliwonse kumatsogola anthu ofufuza mabomba okwiriridwa pansi. Anati amagona kuseri kwa matumba a mchenga, mfuti ili pambali. Anati lole imene inali patsogolo pa yake inaponda bomba, ndipo mnzake wogona naye pafupi tsopano alibe mwendo. Pamapeto analemba kuti: "Musamuonetse Ligaya kalata iyi, Nanay. Aikhoma pa chikwangwani." Aling Sidra anaipinda kanayi n'kuibisa m'dirowa ya mashini, pansi pa mipukutu ya ulusi. Ligaya atabwera n'kufunsa ngati wapositi wadutsa, anamuyankha ali ndi mapini m'kamwa, ndipo yankholo silinamveke.

Masiku amenewo mzinda wonse unkanunkha penti. Atsogoleri a mayiko asanu ndi awiri ogwirizana pa nkhondo ya ku Vietnam ankabwera ku Manila kudzakambirana, ndipo paliponse pamene magalimoto awo adzadutse panafunika kuwala. Mang Ponso, amene ankakoleka mbendera m'mapolo a magetsi pa zikondwerero zonse, anaima ndi lole yake pakhomo n'kuyamba kutsitsa mipukutu ya nsalu ndi pepala la zithunzi. Awiriwa ankaitanana kumare ndi kumpare, maitanidwe a anthu amene ubwenzi wawo unasanduka chibale.

"Mayiko asanu ndi awiri, kumare, masiku khumi. Ngati phazi lakalamba nenani, ndikapereke kwa a mashini a magetsi."

"Phazi ili lidzakusokerani ndi nsalu ya m'bokosi lanu la maliro yomwe, kumpare. Nyamulani bwino, isakhudze pansi."

Mayiko amenewo Aling Sidra anawadziwira pa sizasi. America anati ndi dziko lopanda chisoni ndi atelala, nanga nyenyezi makumi asanu pa mbendera imodzi? Australia ndi New Zealand anati ndi ana a mayi mmodzi ovekedwa zofanana, ndipo ankawasiyanitsa ndi mtundu wa nyenyezi. Ya Korea anaisoka ataika chithunzi patsogolo ngati mwana wasukulu. Imene inawasangalatsa inali ya Thailand, ya mizere yofanana uku ndi uku, yoti ngakhale uitembenuze imanena chomwecho. Anati eni ake ayenera kuti amagona tulo tabwino. Ya Vietnam ya kummwera, yachikasu ya mizere itatu yofiira, anaisiyira kumapeto, ndipo poisoka sanaitchule dzina lililonse.

Kutatsala masiku atatu, Ligaya anakhala pampando wa makasitomala, chinthu chimene sankachita, n'kunena kuti wabwera ndi oda. Ophunzira ankakonza zionetsero kuhotela yaikulu ya m'mbali mwa nyanja kumene alendo adzafikire, ndipo ankafuna mbendera yotsogolera: yaikulu, yopanda batani, chofiira pamwamba.

Aling Sidra anachotsa mapini onse m'kamwa n'kuwabaya pa kapilo.

Ligaya analankhula ngati mmene ankalankhulira pamisonkhano ya anzake. Anati akuluakuluwo sakubwera kudzathetsa nkhondo koma kudzagawana ana a anthu. Anati lero apempha okonza misewu, mawa adzapempha onyamula mfuti, ndipo dziko lotumiza asilikali kutsidya kwinaku likukweza buluu likunamiza amayi ngati iwo. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa ndi phazi lawo lomwelo limene linamutumiza kukaphunzira kulankhula choncho.

"Bambo ako anaitembenuza kamodzi, iwe unangomva chifuwa chokha. Tsopano mchimwene wako ali kutsidya, ndiye ukufuna umuitanire nkhondo ndi dzanja lako?"

"Nkhondo sachita kuiitana ndi nsalu, Nanay. Ilipo kale."

"Ngati ilipo kale, ndiye siikusowa telala."

Anabwezera mapini m'kamwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Masiku awiri otsatirawo anadya mosayang'anana. Chimene chinkawapweteka Aling Sidra chinali chakuti mwanayo ankanena zoona asakudziwa kuti n'zoona mpaka pati, pamene umboni wake unali m'dirowa, pafupi ndi bondo lawo.

Lolemba la msonkhano, pobwera ku Misa, anapeza Ligaya atatuluka. Pamwamba pa kabati panali malo a ngodya zinayi opanda fumbi. Mwa mbendera zonse za m'nyumbamo, mwanayo anatenga ya Santoy, chifukwa ndiyo inali yaikulu.

Anakhala pamashini mpaka masana, phazi lili phee, akuyembekezera kuti mwina manyazi amubweza panjira. Sanabwere. Dzuwa litapendeka anatseka chitseko, chimene sichinatsekedwepo masana chimwalirire Mang Teban, n'kutuluka ndi epuloni yomwe. M'mutu mwawo munali zinthu zitatu zokha: aipeze, aitsitse, aitembenuze. Za mwanayo akaona kunyumba.

Majipi sankadutsa chifukwa misewu inali yotseka. Mwamwayi pangodya anakumana ndi Mang Ponso, amene anali ndi chiphaso pagalasi la lole, akuzungulira kukonza mbendera zimene mphepo inazikulunga m'mapolo. Atamva nkhaniyo anangotsegula chitseko. M'njira monse Aling Sidra anatulutsa mutu pawindo akuyang'ana ntchito ya manja awo polo ndi polo, ndipo atangowoloka mlatho anamenya chitseko kuti lole iime. Mbendera imodzi inakolekedwa chofiira chili pamwamba.

"Kumare, mwana wanu ali pakamwa pa zibonga za apolisi, inu mukufuna ndikwere makwerero?"

"Batani mwaliika pansi. Kwerani, ndikugwirirani."

Mang Ponso anakwera akung'ung'udza kuti atsogoleri asanu ndi awiriwo sadziwa n'komwe kuti mbendera ino ili ndi kumutu ndi kumiyendo. Aling Sidra anayankha kuti sanasokere iwowo. Lole inawasiya kumapeto kwa paki, kumene chiphaso chinkathera, ndipo kotsalako anayenda wapansi.

Anthu anali ambiri kuposa a pa chikondwerero cha tchalitchi chawo, ophunzira ndi a mabungwe a antchito, zikwangwani zambiri zili za Chingerezi kuti alendo awerenge, ngakhale kuti alendowo, ngati analimo m'hotelamo, anali kuseri kwa makatani. Mbendera yawo anaizindikira patali ndi malawi a dzuwa. Inali pa nsungwi yaitali kutsogolo kwenikweni, Ligaya ataigwira ndi manja awiri, chofiira chikuwuluka pamwamba. Anaima kaye. M'maganizo anaona chipewa cha Mang Teban chija, chosavula. Kenaka anaweramitsa mutu n'kulowa m'chikhamucho ndi zigongono, ngati polowa mumsika wa nsomba. Mnyamata wina wamagalasi anawagwira phewa n'kuwatcha lola, kutanthauza gogo, akuti abwerere, kuno si kwa agogo. Anamufunsa kuti ndi lola wa ndani, n'kumudutsa kunsi kwa mkono.

Anali atatsala pang'ono kufika pamene mapito analira ndipo mzere wa apolisi unayamba kusuntha. Akutsogolo anabwerera m'mbuyo, akumbuyo akukankhabe, zikwangwani zikuthyoka. Wapolisi wina wachinyamata anagwira nsalu ya mbendera akukuwa kuti kuizondotsa n'kulakwira lamulo. Ligaya sanasiye nsungwi. Pokokana paja china chake chinamumenya pamwamba pa diso, chibonga kapena chigongono cha mnzake, palibe anaona bwino, ndipo nsungwi inapendekeka, ngodya ya nsalu ikupita pansi pa fumbi.

Sinafike pansi. Aling Sidra anaiwakha ndi dzanja lamanzere, ndipo ndi lamanja anamenya kuseri kwa dzanja la wapolisiyo, monga ankamenyera ana ogwira nsalu atadya za mafuta.

"Chotsa dzanja, mwana iwe. Unasoka ndiwe?"

Wapolisiyo anasiya asanaganize n'komwe. Ayenera kuti naye anali ndi mayi wa dzanja lotero.

Mfundo zomangira ku nsungwi zinali za Ligaya, moti sizinavute kumasula. Posakhalitsa mbendera inali m'manja mwawo, koma osati yonse, chifukwa kumapeto kwinako Ligaya anali atagwirabe, magazi akutsika pachikope.

"Musaitembenuze, Nanay. Chonde."

Kuitembenuza ndi chimene anayendera ulendo wonsewo. Batani linali pansi pa chala chawo chachikulu, likulendewera pa kaulusi kamodzi chifukwa cha kukokana kuja. Kunali kungokweza mbali imeneyo, basi. Koma anapeza kuti sangathe kukweza buluu pamaso pa mwana wotuluka magaziyu kalata ija ili m'dirowa. Chofiiranso manja awo sakanachikweza, ngakhale wina atawaloza ndi mfuti. Anadula kaulusi ndi mano, batani n'kuliponya m'thumba la epuloni.

"Gwira ngodya ziwirizo. Tambasula, ngati tikuchotsa pachingwe."

Anaitambasula chafulati pakati pawo, dzuwa lachikasu likuyang'ana kumwamba, popanda mtundu wokhala pamwamba pa unzake. Ligaya anafunsa kuti ndiye ikakhala choncho ikutanthauza chiyani.

"Ikutanthauza kuti isakhudze pansi. Yenda."

Anayenda choncho m'mbali mwa mzere wa apolisi, mayi kutsogolo, mwana kumbuyo. Ophunzira ena amene zikwangwani zawo zinathyoka anabwera kudzagwira m'mbali, mnyamata wamagalasi uja ali pomwepo, ndipo Aling Sidra ankawauza kuti akoke mofanana, nsalu isachite thumba. Apolisi ankayang'ana, osadziwa lamulo lokhudza mbendera yogona, n'kumawasiya adutse. Mzungu wina wa kamera anawajambula atagwada. Chithunzicho palibe wa ku Quiapo anachionapo.

Kunyumba anawiritsa masamba a gwafa n'kutsuka bala la Ligaya. Silinali lakuya. Atamaliza anatsegula dirowa ya mashini, anasuntha ulusi, n'kumupatsa kalata ija. Ligaya anaiwerenga chamumtima, kawiri. Atafika pa mzere womaliza anaseka, kusekako n'kusanduka kulira, ndipo amayi anamusiya alire akupukuta magalasi awo ndi epuloni. Kenaka anaipinda yekha mmene inalili n'kuibwezera pansi pa ulusi. Sinakhomedwe pa chikwangwani chilichonse.

Anapempha kuti asokerenso batani, akhale wakonza chimene anawononga. Amayi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iwe ndi singano? Likhala m'dirowa momwemo. Adzasoka mwini wake."

Msonkhano unatha tsiku lotsatira. Akuluakulu anasaina mapepala awo n'kukwera ndege, Mang Ponso anatsitsa mbendera m'mapolo, ndipo nkhondo inapitirira. Ligaya sanasiye zionetsero. Amayi sanapitekonso, koma ataona nsalu za mauthenga za anzakewo zikusosoka m'mphepete anati ndi manyazi kwa mwana wa telala, n'kuyamba kuzipinda pamashini akudandaula. Mawu olembedwapowo sankawawerenga, kapena ankatero ponena. Wina akapempha mbendera ya chofiira pamwamba, ankamulozera chitseko ndi sizasi. Makalata a Santoy kuchokera pamenepo ankatsegulira limodzi, abwino ndi oipa omwe. Ndipo pamwamba pa kabati panakhala mbendera imodzi yokha yopanda batani imene inatulukapo m'manja mwa Aling Sidra.

Santoy anabwera patatha pafupifupi zaka ziwiri, miyendo ndi manja zili zonse, koma khutu lamanzere litagontha. Msewu wonse unadzaza pakhomo, mpunga ndi nkhuku zili patebulo. Asanamulole kudya, amayi anamukhazika pampando wa makasitomala n'kumupatsa singano, ulusi ndi batani la malaya ake a sukulu. Batanilo linakhala mopendekeka, moti akanakhala wina aliyense akanamuuza asosole ayambirenso. Aling Sidra analikhudza ndi chala n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Mang Ponso anagwira makwerero, Ligaya n'kukwera.

Mbendera itatambasuka, Santoy anaona kadontho kabulauni pansalu yoyera, pafupi ndi nyenyezi, kamene sopo sanathe kukachotsa. Anafunsa kuti mbendera yatsopano yathimbirira bwanji m'nyumba ya Nanay. Ligaya, ali pamakwerero, anayang'ana amayi. Aling Sidra anali atabwezera kale mapini m'kamwa, ndipo anayankhira kumbali ya khutu logontha lija.